Funsani Makaniko: Aliyense akufuna pikapu yake ikhale pansi

Mwezi uno kaya kwagwanji, makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi yomweyi yotsitsa mapikapu akale. Ndasankhapo 6. Amene munafunsa za kabuleta ndi za batire yosachedwa kutha moto mundipirire mpaka mwezi wamawa.

FUNSO: Amalume, ine ndi mnyamata wa zaka 24. Madala anga atamwalira anandisiyira Nissan 1400 ya 1994 imene anabwera nayo kuchokera ku Joni, injini ili bho ndangoipentetsa kumene ndipo ndagula marimu a 15. Vuto ndi loti ikaima imaoneka ngati yatukula matako, pakati pa tayala ndi bode pakhoza kulowa mutu wa munthu kkkk. Ndikufuna ikhale pansi ngati zimene ndimaona pa Facebook za anyamata a ku Durban ndi Cape Town. Anzanga ena akuti ndidule masipuling'i ena akuti ndichotse malifu awiri kumbuyo ena akuti tingowotcha ndi gasi itsika yokha. Nde ndimvere ndani? Mphwanu wa ku Chilomoni

YANKHO: Mphwanga, choyamba pepa za madala, ndipo wachita bwino kuisunga galimotoyo, ena akanagulitsa maliro atangotha. 1400 ku South Africa anaipanga kuyambira 1971 ikadali Datsun 1200 mpaka 2008 pomwe NP200 inalowa mmalo mwake, ndipo olankhula Afrikaans anaipatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza kuti siifa. Siifadi, koma anzako a gasiwo atha kuipha masana amodzi.

Ndiyambe ndi iwowo. Chitsulo cha sipuling'i si chimodzimodzi ndi chopangira mageti ayi, ku fakitale amachitenthetsa, kuchiziziritsa mwadzidzidzi kenako nkuchitenthetsanso pang'ono mwa muyezo wake, nchifukwa chake chimapindika nkubwerera mmalo mwake kwa zaka 30 osatopa. Ukachiwotcha ndi gasi mpaka kufiira mphamvu imeneyi imathera pomwepo, galimoto itsika inde tsiku lomwelo muwomba mmanja, koma siisiya kutsika, mwezi ndi mwezi izingophwa ndiponso mbali ziwirizi siziphwa mofanana nde uyamba kuyenda chopendekera, mapeto ake sipuling'i idzathyoka ndipo siithyokera pa galaja, imathyokera pa dzenje uli pa 80. Za gasi tatseka.

Zochotsa malifu nazonso ndimakana. Malifu aja sikuti amangosenza katundu, ndi omwenso agwira ekiselo yakumbuyo kuti isapotoke ukamanyamuka kapena ukaponda buleki. Ukachotsa awiri otsalawo amafewa, matayala amayamba kudumphadumpha ponyamuka, ndipo lifu lalikulu lija lokhala ndi maso kumapeto limagwira ntchito ya anzake mpaka kuthyoka. Likathyoka limenelo ekiselo imasuntha mbali imodzi, galimoto nkuyamba kudziwongolera yokha kumbuyo iwe uli kutsogolo.

Tsopano usanagwire sipanala tenga tepi. Imitsa galimoto pa simenti pamalo ofanana, matayala onse akhale ndi mpweya wokwanira, yeza kuchoka pakati pa wilo kufika pa mlomo wa madigadi, ngodya zonse zinayi, ulembe pa pepala. Kenako lowa pansi kumbuyo uone kamphira kamene kali pamwamba pa ekiselo, timakatcha bump stop, uyeze mpata wa pakati pa iko ndi pamene kamakagunda. Mpata umenewu ndiye chuma chako chonse. Sentimita iliyonse imene utsitse galimoto ikuchoka pa mpata umenewu, ukatha ndiye kuti ulibenso masipuling'i, dzenje lililonse lizilowa mu bode ndi mu msana mwako. Anthu ambiri amaganiza kuti kutsitsa galimoto ndi nkhani ya mpata wa pakati pa galimoto ndi msewu basi, koma umene umatha msanga ndi wa mkatiwu. Ndiponso galimoto ya 1994 mwina inatsika kale yokha ndi ukalamba, mbali imodzi kuposa inzake, nde ngati manambala ako akumanzere ndi kumanja akusiyana yamba wakonza zimenezo, mabushi atsopano, mashoku atsopano, kenako tikambe za maonekedwe.

Kumbuyo njira yabwino ndi mabuloko. Pa 1400 ekiselo imakhala pamwamba pa malifu, nde ukaika buloko ya chitsulo pakati pa ziwirizi ekiselo imakwera kuyandikira bode, bode nkutsika, malifu osawakhudza. Ubwino wake tsiku lina ukatopa nazo umangochotsa basi galimoto yabwerera mmene madala anaisiyira. Buloko ikhale imodzi mbali iliyonse, yachitsulo kapena aluminiyamu yolimba, yokhala ndi kamutu kolowa mu bowo la pa ekiselo ndi bowo lolandira centre bolt ya malifu, osati kusanjikiza tizitsulo ta pa sikirapu, ndipo ndinaonapo wina ataika thabwa la m'bawa, chonde. Ma U-bolt ugule atsopano otalikirapo, akale aja anatamuka kale ndiponso safika, kuwotcherera kuti atalike nkudziyika pa ngozi. Ukayenda makilomita 200 kapena 300 uwamangenso chifukwa zinthu zimakhala zakhazikika. Buloko ya mainchesi 2, amene ndi masentimita 5, yakwana. Ukapyola 3 mavuto amayamba kubadwa okha, ndipo pali chinthu china chimene anyamata sachiganizira: buloko ikamatalika, pleti ya pansi pa malifu ndi mitu ya ma U-bolt zimatsikira kufupi ndi msewu. Lamulo lathu ndi loti pasakhale chitsulo chilichonse chotsika kuposa mlomo wapansi wa rimu, chifukwa tayala likaphulika galimoto iyenera kutera pa rimu nkumagudubuzika, osati chitsulo kukumba tala nkukutembenuzirani ku ngalande. Pamenepa marimu ako a 15 akuthandiza kuposa ang'onoang'ono amene inabwera nawo.

Kutsogolo 1400 ili ndi ma strut, sipuling'i yozungulira itavala shoku mkati. Choyenera ndi kugula masipuling'i opangidwiratu kuti atsitse, ku South Africa za 1400 nzosasowa, utume wachibale kapena amabasi a ku Joni, ndipo ugule limodzi ndi mashoku ogwirizana nawo. Ndikudziwa kuti ena adulabe olo ndiletse, nde mverani: kudula nkosiyana ndi kuwotcha, sipuling'i yodulidwa ndi grinder mosaitenthetsa imakhalabe ndi mphamvu, imangolimbirako chifukwa mizere yogwira ntchito yachepa. Koma ikafupika kwambiri imamasuka pa mpando wake tayala likalendewera, mwachitsanzo potsika hampu mothamanga, ndipo ikabwerera mokhota imatha kung'amba tayala. Wodula adule theka la mzere, amange, ayende, ayeze, osati mizere iwiri kamodzi poti chodulidwa sichimeranso. Pomasula strut gwiritsani ntchito chopanira masipuling'i, osati waya kapena chingwe cha matola, chinthu chija chikafwamphuka chimaswa nsagwada.

Ine ikanakhala yanga ndikanatsitsa masentimita 4 kutsogolo, 5 kumbuyo, matako aja atha ndipo ikhala bwino pa marimu akowo. Anyamata a ku Durban amene ukuwaonawo akujambula pa misewu yawo, iwe ukachoka pa Chilomoni Ring Road kulowera kunyumba ukudziwa wekha mmene kumakhalira mu February. Matayala usankhe opyapyala mmbali kuti wilo yonse isakule kwambiri kuposa yoyamba ija, apo ayi azikhula madigadi pokhota, sipidomita iziwerenga zabodza ndipo kainjini kako ka A14 kaziwefuka pa chitunda. Ukamaliza zonse, alayimenti tsiku lomwelo.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi Hilux ya mma 80 yosakhala 4x4, ndinamva kuti zimenezi kutsogolo sizifuna kugula kanthu, umangomasula bawuti imodzi yatsika. Nzoona kapena andinamiza ku bawo? Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, ku bawo ulendo uno anena zoona, kungoti sanamalize nkhani. Hilux zosakhala 4x4 kuyambira chakumapeto kwa ma 70 kutsogolo zilibe sipuling'i yozungulira, zili ndi torsion bar, ndodo yaitali yachitsulo imene imagona motsatira chasisi, mbali imodzi yalumidwa ku mkono wa wilo ina yalumidwa ku kamkono kokhala ndi bawuti pansi pa kabini. Tayala likagunda dzenje ndodoyo imapotoka nkubwerera, ndiyo sipuling'i yake. Datsun 620 ndi 720, Isuzu KB, Mazda B2000 ndi B2200 za kuyambira 1985, zonsezi ndi mtundu womwewu. Mukamasula bawuti ija kutsogolo kumatsika, mukamanga kumakwera.

Koma musamasule galimoto itaponda pansi, kulemera konse kumakhala pa ma thread ndipo a zaka 40 adzimbiri amatha kupululuka. Thirani mafuta omasulira dzimbiri dzulo lake, kwezani ndi jeke, ikani ma stand, kugona pansi pa galimoto yodalira jeke yokha ndi mmene timatayira anzathu. Lembani ndi choko pamene mwayambira, werengani mazungulidwe kuti mbali zonse afanane, tsitsani, yendani pang'ono kuti ikhazikike kenako yezani ndi tepi chifukwa ndodo ziwirizi sizikalamba mofanana. Bawuti isafike kumapeto kwenikweni, nati ndi loko yake zikhale zitagwira ma thread okwanira. Ngati mwatha bawuti koma mukufunabe itsike ndiye kuti pakufunika kusolola ndodo nkuibwezera itasuntha dzino limodzi, imeneyo ndi ntchito ya munthu woti anaipangapo, ndipo ndodo yakumanja ndi yakumanzere sizisinthanitsidwa.

Chimene sananene ku bawo nchakuti kumasula bawuti sikufewetsa kapena kulimbitsa ndodo, kumangosendeza mkono wa wilo kufupi ndi bump stop. Nde amene amati Hilux yotsitsa imauma ngati ngolo, si torsion bar yauma, ndi galimoto ikuyenda itakhalira mphira. Masentimita 4 kapena 5 mukhala pa mtendere. Kupyola apo ma ball joint amagwira ntchito atapindikira kumapeto, mikono ya chiwongolero imasiya kuyendera limodzi ndi mikono ya wilo, nde mukagunda dzenje galimoto imakhotera yokha osaiuza. Komanso onani pansi, sampu ndi crossmember zatsika nawo, ndipo msewu wa kumunda uli ndi msana pakati.

FUNSO: Bwana makaniko ine ndinatsitsa kale, anandipangira mnyamata wina wa pansi pa mtengo. Hilux ya 1991, mabuloko a mainchesi 3 kumbuyo ndi kumasula kutsogolo. Ikuoneka bwino anthu amandiimika kujambula koma ikafika pa 60 mpaka 80 imanjenjemera pansi pa mpando, matayala akutsogolo atha mkati pa miyezi itatu yokha, ndipo tsiku lina kukugwa mvula ndinaponda buleki kumbuyo kunatsetsereka kufuna kundipitirira. Ndalodzedwa kapena? Wa ku Chipata

YANKHO: Achimwene simunalodzedwe, mnyamatayo anagwira theka la ntchito nkulandira ndalama yonse. Matenda anu ndi atatu ndipo ndiyamba ndi womaliza chifukwa ndi umene ungakupheni.

Hilux zambiri za zaka zimenezo zili ndi vavu ya mabuleki kumbuyo yomangidwa pa chasisi, yokhala ndi kandodo kopita ku ekiselo. Ntchito yake nkumva kulemera. Pikapu ikasenza katundu bode imatsika kuyandikira ekiselo, kandodo kamakankha vavu, vavu nkutumiza mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo poti matayala apondedwa ndipo sangatsetsereke. Ikakhala yopanda kanthu imachepetsa. Tsopano inu mwasendeza ekiselo kufupi ndi chasisi ndi mabuloko, vavu ikuganiza kuti mwasenza matumba a simenti tsiku ndi tsiku pomwe kumbuyo kuli mbee, nde ikumanga matayala akumbuyo msanga, pa msewu wonyowa zotsatira zake ndi zimene munaonazo. Pitani kwa makaniko wodziwa asinthe pomangira kandodoko kuti vavu ibwerere pamene imakhala galimoto isanatsitsidwe. Asaichotse, asaimange ndi waya. Ndipo mpaka zimenezi zitakonzedwa mvula ikamagwa galimoto izikhala pakhomo.

Kunjenjemera kuja nthawi zambiri ndi propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita ku difu. Ma universal joint, mfundo zopindika za kumapeto kwake, akutsogolo ndi akumbuyo amafuna apindike mofanana kuti kuthamanga ndi kuchedwa kwa wina kufafanizidwe ndi mnzake, difu ikakwera ngodya zimasintha nde kunjenjemera kumatulukira pa liwiro lina lake. Mankhwala ake ndi tizitsulo topendekera ta madigiri 2 kapena 3 toika pakati pa buloko ndi ekiselo kuti mphuno ya difu iloze koyenera, mabuloko ena amabwera atasemedwa kale choncho, ndipo pa propshaft ya zigawo ziwiri pena pamafunika kukweza pang'ono bering'i yapakati. Koma asamangoika mwa maloto, ayeze, masiku ano ngakhale foni imayeza ngodya. Musanafike kumeneko gwedezani ma universal joint ngati sanathe, onaninso ma U-bolt ngati sanamasuke ndi matayala ngati anawabalansa.

Matayala kutha mkati ndi alayimenti basi. Kutsogolo kukatsika mitu ya matayala imapendekera mkati ndipo kuloza kwake kumasintha, chimene chimadya mphira mwachangu kwambiri ndi kulozako. Pa Hilux zimenezi kupendekera amakonza ndi ma shim, tizitsulo topyapyala toika pa mkono wapamwamba, nde pitani pamalo a makina osati a chingwe, muwauze kuti galimoto ndi yotsitsa. Ndikanakhala ine ndikanabweza mabuloko akhale a mainchesi 2, mavuto enawa amachepa okha.

FUNSO: Bambo makaniko, ine ndi mayi wamasiye, ndili ndi Datsun pikapu imene ndimapikulira tomato, kabichi ndi mbatatesi ku Lizulu kudzagulitsa ku Lilongwe kawiri pa sabata. Amayendetsa ndi mwana wanga wachisamba ndipo wandivutitsa kuti tiitsitse ati izikhazikika bwino pa msewu komanso izimwa mafuta pang'ono. Ine za magalimoto sindizidziwa koma mtima wanga ukukana. Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo ndi makaniko wabwino kuposa ena amene ali ndi maovolosi. Yankho ndi ayi.

Mwana wanu sananame zonse, galimoto yotsika bwino imachepetsadi kupendama pokhota. Koma za mafuta musayembekezere kuona kusintha kulikonse mthumba pa liwiro limene pikapu ya kabichi imayenda. Kutukuka kwa kumbuyo kumene kukumunyansako anakupanga dala, ndi malo amene galimoto imatsikiramo ikasenza. Matumba 10 a makilogalamu 50 ndi hafu tani kale, ndipo ndikudziwa kuti kwa Lizulu simubwera ndi 10. Mukaitsitsa isanasenze, ikadzasenza ikhalira mphira, ndipo ndi maenje ndi mahampu a pa M1 mudzathyola malifu, kupinda ekiselo, kung'amba ekizozi, tomato nkufika mu Lilongwe atasanduka supu. Ndalama imene akufuna kuonongayo mugulire mashoku abwino, mabushi ndi matayala olembedwa C amene ndi a katundu, muona mmene ikhazikikire. Mnyamatayo muuzeni asunge zake agule yake yotchenera Lamulungu, adzandilembere ndidzamuthandiza ndi mtima wonse.

FUNSO: Amalume ndili ku Johannesburg ndimagwira ntchito pa galaja ina yowongola ndi kupenta magalimoto. Abwana agula Chevrolet C10 ya 1978 akufuna igone pansi ndipo akungotchula flip kit, C-notch, drop spindle, ma air bag, ine ndimangovomera yes boss koma sindikutolapo kanthu. Ndimasulireni Mchichewa ndisachite manyazi. Komanso zimenezi anayambitsa ndani? Wa ku Mangochi wokhala ku Joni

YANKHO: Mphwanga wagwera pa galimoto imene ku America ndiyo mfumu ya nkhani zimenezi, zipangizo zake amagulitsa ngati mandasi. Ya abwana akoyo ndi ya gulu la 1973 mpaka 1987 limene amalitcha square body.

Drop spindle ndi ya kutsogolo. Spindle ndi chitsulo chimene wilo imazungulirapo, nde amapanga china chimene kamtengo kolowa mu wilo kakwezedwa mainchesi 2 kapena 2 ndi theka, wilo imakwera kulowa mu madigadi koma masipuling'i, mashoku ndi mikono zonse zimatsala mmalo mwake. Mwa njira zonse zotsitsira kutsogolo iyi ndiyo ndimaikonda, siikuba mpata wa bump stop ngakhale pang'ono, kungoti uonetsetse kuti mkono wapansi sukukhula rimu. Akafuna kupitirira amawonjezera masipuling'i afupi, ndipo apa samala: pa C10 sipuling'i ili chapakati pa mkono osati pa wilo penipeni ngati strut, nde kufupikitsa sipuling'i inchi imodzi kumatsitsa galimoto pafupifupi mainchesi awiri. Ambiri anadula poganiza kuti ndi chimodzi kwa chimodzi nkupeza galimoto yagwada.

Flip kit ndi ya kumbuyo. Pa C10 imeneyi ekiselo ili pansi pa malifu, nde buloko singatsitse, ingakweze, chimodzimodzi Hilux za 4x4. Flip ndi kusamutsa ekiselo ikhale pamwamba pa malifu, ndipo kamodzi kokha galimoto imagwa mainchesi 5 mpaka 6. Ikatero ekiselo imakhala pafupi kwambiri ndi chasisi, ndiye pamabwera C-notch, kudula chasisi pamwamba pa ekiselo mooneka ngati chilembo C kuti ipeze kolowera, nkulimbitsa podulapo ndi mapleti okhuthala. Ukumva bwino, akudula msana wa galimoto. Ikhale ntchito ya wowotcherera wodziwa osati wa mawindo, ndipo mashoku afupi ndi kusuntha pomangira pake zimayendera limodzi. Ukamva akuti 4/6 ndiye kuti mainchesi 4 kutsogolo 6 kumbuyo. C10 za 1967 mpaka 1972 zambiri kumbuyo zili ndi masipuling'i ozungulira ndi mikono iwiri yaitali, zimenezo sizifuna flip, koma zikatsika ekiselo imasunthira mbali imodzi nde zimafuna panhard bar yosinthika, ndodo yopingasa yogwira ekiselo kuti ikhale pakati. Tsiku lina ikadzabwera Ford F-100 ya kuyambira 1965 yokhala ndi Twin I-Beam kutsogolo, zitsulo ziwiri zazitali zogwira mawilo, usadzadule masipuling'i, matayala amapendekera mkati moonekera patali, imeneyo imafuna ma beam ake opangidwira kutsitsa.

Ma air bag ndi matumba a mphira a mpweya olowa mmalo mwa masipuling'i, pamakhala kompuresa, thanki, mapaipi ndi mavavu, ukaima umatulutsa mpweya galimoto nkugona, ponyamuka umapopa. Kunena zoona ndi njira yabwino yokhalira pansi kwambiri koma nkumadutsabe mahampu, koma ndi yodula ndipo paipi imodzi ikakhula pa chitsulo kapena kupsa ndi ekizozi wakhala pamsewu. Omanga bwino amaonetsetsa kuti olo mpweya wonse utathawa matayala azizungulirabe ndipo chiwongolero chizikhotabe.

Oyambitsa ndi anyamata a mtundu wa ku Mexico okhala ku Los Angeles nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ankaika matumba a mchenga mu buti kuti galimoto itsike nkumayenda pang'onopang'ono mtauni anthu aziwaona. Mu 1958 boma la California linaletsa galimoto iliyonse yokhala ndi chitsulo chotsika kuposa pansi pa rimu, lamulo lomwe lija ndamuuza mphwanga wa ku Chilomoni, nde anyamata anayamba kuika mapampu a hydraulic ochokera ku ndege zakale kuti akaona apolisi azikweza galimoto. Lamulo limenelo analichotsa kuyambira January 2024. Mma 70 ndi mma 80 kunabukanso gulu la ma mini truck, ankatsitsa ma Datsun 620, ma Toyota ndi ma Mazda, omwewa amene kwathu anali a matola ndi onyamula fodya. Abwana akakufunsa uwauze zimenezi mwina akukweza malipiro.

FUNSO: Nanga COF ndi inshuwalansi sizivuta galimoto ikatsitsidwa? Wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, oyeza COF, setifiketi yoti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, amaona mabuleki, chiwongolero, magetsi, matayala ndi zapansi, nde sipuling'i yowotchedwa kapena yomasuka pa mpando wake, ma U-bolt owotcherera, tayala lokhula bode, shoku yotayitsa mafuta, zonsezi ndi zifukwa zokwanira kukubwezani. Ngati mukufuna zazikulu monga kudula chasisi kapena ma air bag pitani kaye ku Road Traffic mukafunse musanadule, osati mutadula kale. A inshuwalansi auzeni polemba kalata ndipo musunge kope yake, chifukwa tsiku la ngozi woyeza wawo adzalowa pansi ndi tochi ndipo akapeza zimene simunawauze mkangano wake ndi wautali. Magetsi akutsogolo muwawongolenso, mukatsitsa kumbuyo kwambiri kuposa kutsogolo amaloza mmwamba nkumathobwa anzanu usiku. Masipuling'i oyamba aja muwapake girisi muwasunge mu thumba, wogula galimoto yakale amafunsa zimenezo. Ndipo tsiku lopita ku COF mukalowe pa geti mopingasa pang'ono, tayala limodzi kenako linalo, ekizozi isakalire pamaso pa woyezayo.